Chaka Chimene a Makiyi Anadikira Ubatizo

Kachipinda kamene ndimasokeramo zovala kali pakati pa sitolo ya mankhwala ndi masitepe okwera kumaofesi apamwamba. Pakhonde pake, kumanzere ukamalowa, pali tebulo lachitsulo lomangirira kukhoma ndi unyolo. Mwini wake tonse timawatcha a Makiyi. Ndakhala nawo moyandikana kuyambira ndili ndi makina amodzi opalasa ndi phazi, ndipo phokoso la makina awo odulira makiyi ndinalizolowera moti akaweruka msanga ndimaona ngati makutu anga atseka.

Ndi munthu wamfupi, wamapewa otambalala, ndipo nsidze zawo zimakhala zachikasu ndi fumbi la mkuwa. Chimene aliyense amawadziwa nacho ndi mafunso. Ukabwera ndi kiyi, usananene n'komwe kuti ukufuna angati, iwo ayamba kale kufunsa kuti loko wake unagula liti, chitsekocho chimalowa mvula kapena ayi, nanga amakonda kuchimenyetsa ndani. Chinthu chotseka sachisiya. Anamasulapo wailesi ya mlonda wa sitolo ya mankhwala, wotchi ya akazi awo, ndipo tsiku lina nditapita kukagula ulusi ndinapeza makina anga ali zidutswazidutswa panyuzipepala. Anawabwezera bwinobwino, kungotsala sikulu imodzi yomwe mpaka lero sitidziwa kuti inali ya pati.

Za kutchalitchi analibe nazo gawo. Bambo awo ankagwira ntchito yokonza misewu, ndiye banja linkasamuka ndi msasa wa antchito, lero pano, mawa patsidya pa mlatho. Palibe mpingo umene anakhalitsa pafupi nawo mpaka kuwadziwa. Mulungu sankamukana ayi. Ankangoti sanakumanepo.

Anali atapitirira zaka makumi asanu pamene kunabwera asisitere achikulire a kutchalitchi cha Katolika cha kumtunda kwa msewu wathu, atanyamula theka la kiyi m'kansalu. Theka linalo linali litathyokera mu loko wa tabenakulo, kabokosi kachitsulo kamene kamakhala kuseri kwa guwa. A Makiyi anatenga tupa, kapanira kakang'ono ndi waya, n'kutsatira.

Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera kambirimbiri. M'tchalitchi munalibe anthu, munali bambo mfumu okha ataima pafupi ndi kabokosiko, ndi kanyale kofiira kakuyaka pakhoma masanasana. Atayamba ntchito anayambanso kuimba likhweru monga mwa chizolowezi chawo, ndipo asisitere anawakoka malaya n'kuwanong'oneza kuti asiye. Loko anali wakale, wopangidwa bwino, ndipo anawatengera nthawi. Mumtima ankaganiza kuti bokosi lotetezedwa chonchi muyenera kukhala golide. Chitseko chitatseguka anaona kakatani koyera ndi chikho chovundikira, basi. Bambo mfumu anapinda bondo, ananyamula chikhocho ndi manja awiri n'kupita nacho kuchipinda cha kumbali kuti a Makiyi achotse loko yense momasuka. Asisitere anakwera pampando n'kuzimitsa kanyale kaja.

A Makiyi anafunsa kuti azimitsiranji nyale pomwe iwo akufuna kuwala.

"Mwini nyumba watuluka," anatero asisitere, akutsika pampando.

Anabwerera kutebulo lawo ntchito atamaliza, koma tsiku limenelo anadula makiyi awiri molakwika, zomwe ndinali ndisanazionepo. Kenako analowa mwanga, n'kukhala pamulu wa nsalu za makatani a kasitomala.

"A Telala, inu si mumapemphera kumtundaku? M'chikho muja muli chiyani?"

Ndinati muli Ukaristia. Anafunsa kuti Ukaristia n'chiyani. Ndinati ndi thupi la Ambuye. Anafunsa ngati ndinalionapo. Ndinati limaoneka ngati kamkate kopyapyala. Anafunsa kuti tsono ndi mkate kapena ndi thupi, ndipo ngati ndi thupi linasintha nthawi yanji, ndipo analisintha ndani, nanga munthu amalitsekera ndi kiyi kuti asatuluke kapena kuti ena asalowe. Ine ndinabatizidwa ndili wakhanda, katekisimu ndinaphunzira ndili kamnyamata kongoganiza za mpira. Pofika funso lachinayi ndinali nditatha. Kuti ndipume, ndinawauza kuti Loweruka lililonse masana kumakhala kalasi ya akuluakulu ofuna kudziwa za mpingo, akafunse kumeneko. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Loweruka anatseka tebulo dzuwa lili pamutu n'kupita.

Kalasiyo inkachitikira m'chipinda cha sukulu ya ana kuseri kwa tchalitchi. Madesiki ake ndi a ana, moti a Makiyi ankakhala chammbali, mawondo ali panja. Ophunzitsa anali mayi katekisiti, namwino wopuma pantchito, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuuza wodwala kamwedwe ka mankhwala. Anthu anali amitundumitundu. Panali kondakitala wa basi amene ankafuna kukwatira mtsikana wa m'kwaya, mayi wina wogulitsa maluwa amene mwana wake anamwalira ndipo akhristu a tchalitchicho anamuthandiza pamaliro, ndi agogo aamuna osamva bwino amene ankangoti "eya" pa chilichonse. Mayi katekisiti anawauza tsiku loyamba lomwelo kuti miyezi yoyambirira ndi yongofunsa, palibe womangidwa, wofuna kusiya asiya. A Makiyi anati pa moyo wawo wonse aka kanali koyamba kupeza malo amene munthu amaitanidwa kuti adzafunse.

Ndiye anafunsa mpaka kondakitala ankayang'ana kudenga. Mulungu mmodzi akhala bwanji atatu? Ngati amadziwa zonse, pemphero limamuuza chiyani chachilendo? Wansembe akamva machimo a anthu, iyeyo ake amakauza ndani? Mayi katekisiti zina ankayankha, zina ankati akafunsa kaye bambo mfumu, zina ankangoti, "Chimenecho nanenso ndikadali nacho." Yankho lomalizali ndi limene linawasangalatsa a Makiyi. Anandiuza kuti munthu wovomera kuti sadziwa, akanena kuti akudziwa umamukhulupirira.

Funso lina linali la ntchito yawo. Ataphunzira za malamulo khumi, anafotokoza kuti anthu ena amabwera ndi kiyi wodinda pa sopo m'malo mwa kiyi weniweni, ndipo iwo amadula osafunsa, poti luso lake limawasangalatsa. Kodi akuba ndi iwo kapena wa sopoyo? Mayi katekisiti anawafunsa kuti iwowo akuona bwanji. Lolemba lake ndinamva akubweza mnyamata wina wovala bwino amene anabwera ndi sopo wake m'thumba.

Itatha miyezi ingapo, amene anatsimikiza mtima anauzidwa kuti alandiridwa kukhala akatekumeni, ndiye kuti ophunzira amene mpingo wawazindikira kuti akukonzekera ubatizo. Aliyense anayenera kupeza mkhristu woti aziyenda naye ngati mboni. A Makiyi sanandipemphe. Anangondiuza kuti Lamulungu ndivale jekete.

Mwambowo unayambira panja, chitseko cha tchalitchi chili chotsegula, anthu onse atatembenuka kutiyang'ana. Bambo mfumu ankafunsa aliyense kuti akufuna chiyani ku mpingo wa Mulungu, ndipo yankho limene anaphunzitsidwa linali lakuti chikhulupiriro. A Makiyi anali atadandaula sabata yonse kuti funso lopatsidwa ndi yankho lake si funso. Itafika nthawi yawo anayang'ana bambo mfumu m'maso. Kenako anati, "Chikhulupiriro, bambo. Ndilibe chokwanira, n'chifukwa chake ndikuchifuna." Bambo mfumu anagwedeza mutu n'kupita kwa wotsatira. Atatero, ife amboni tinauzidwa kulemba chizindikiro cha mtanda pa anthu athu: pamphumi, pamakutu, pamaso, pamilomo, pamtima, pamapewa, m'manja. Zaka zonsezo ndinali ndisanagwirepo nkhope ya munthuyu. Zikhatho zawo zinali zokhakhala, zodzaza timabala ta zitsulo.

Chimene sanachikonde chinabwera tsiku lomwelo. Ulaliki utatha, bambo mfumu anadalitsa akatekumeni n'kuwauza kuti atuluke ndi mayi katekisiti akakambirane mawu amene amva. Zotsala za Misa zinali za obatizidwa. Zinkatero Lamulungu lililonse. A Makiyi ankatuluka pomalizira, khosi lili chotembenuka, ndipo kangapo konse mayi katekisiti anawapeza ataima pa njerwa kuseri kwa zenera. Ankati gawo limene anabwerera ndi lomwelo limene akuwathamangitsa.

Tsopano ndinene za akazi awo, amene ine ndimawatcha alamu. Ndi mayi wamtali, wosalankhulalankhula, amene wagwira ntchito yochapa ndi kusita kuhotela kuyambira kale. Ali ndi mwana mmodzi wamkazi, amene panthawiyo anali atakwatiwa kale. Alamu sankapita kutchalitchi kulikonse. Lamulungu ankachapa za pakhomo, n'kumvera wailesi. Amuna awo atayamba kalasi sanaletse, sanalimbikitse. Ankangowasitira malaya.

Madzulo ena a Makiyi anali pabalaza akuloweza pemphero la Ndikhulupirira mokweza, alamu akusita pakona. Anasokoneza mizere, n'kulumpha pakati. Alamu, maso ali pa kolala ya malaya, anawakonza. Ananena mzere wolumphidwawo, n'kupitiriza wotsatira, ndi winanso, mpaka kumapeto, mwa kamvekedwe ka munthu amene mawuwo anamukhala pakamwa kalekale. A Makiyi anafunsa kuti azidziwira kuti. Alamu anati pa wailesi, n'kuzula ayironi kumagetsi, n'kupita kukhitchini.

M'mawa mwake anandiuza nkhaniyi akuseka, ati wailesi ikuphunzitsa bwino kuposa mayi katekisiti. Ine sindinaseke kwambiri.

Lenti, nyengo yokonzekera Pasaka, itayandikira, bambo mfumu anayamba kuitana akatekumeni mmodzimmodzi kuofesi, chifukwa amene akonzeka amalembedwa mayina pa Lamulungu loyamba la Lenti kuti adzabatizidwe pa Pasaka. Ine ndinalowa nawo ngati mboni. Ofesiyo inali yodzaza ndi makatoni a makandulo, ndipo fani inkalira ngati ikufuna mafuta, moti ndinaona a Makiyi akuiyang'ana mwa njala. Bambo mfumu anafunsa za mapemphero, za ntchito, kenako za banja. Anakwatirana bwanji? A Makiyi anati anangotengana, makolo anadziwa, basi. Nanga mayiwo anabatizidwapo mumpingo uliwonse?

A Makiyi anati sakudziwa.

Bambo mfumu anafunsa kuti akhala limodzi nthawi yaitali bwanji. Anati zaka zoposa makumi atatu. Wansembeyo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya.

"Ine mwandifunsa kuti fani iyi inapangidwa kuti musanakhale n'komwe pampando," anatero. "Pitani mukawafunse mayi."

Anafotokoza kuti yankholo ndi lofunika. Ngati mayiwo sanabatizidwe, ukwati wawo mpingo uulandira mmene ulili. Koma ngati ndi Mkatolika, ukwatiwo uyenera kudalitsidwa m'tchalitchi iwo asanabatizidwe, ndipo zimenezo sizitheka popanda mayiwo kufuna.

Zimene anakambirana kunyumba ndinazimva kwa a Makiyi patapita masiku. Alamu anali Mkatolika. Anabatizidwa ali mwana, analandira Ukaristia, analimbitsidwa m'chikhulupiriro, ndipo ankaimba m'kwaya. Analeredwa ndi azakhali awo, mayi wolimba pa zachipembedzo, amene anawauza tsiku lomwe ananyamula chikwama kupita kwa a Makiyi kuti kuyambira pamenepo asadzayandikirenso kuguwa. Miyezi yoyamba ya banja ankapitabe ku Misa mozemba, amuna awo ali kuntchito. Nthawi yolandira ikafika, anthu a pabenchi lawo ankadzuka, iwo n'kupinda miyendo kuti anzawo adutse. Anapinda miyendo choncho mpaka anatopa, n'kusiya. Azakhaliwo anamwalira asanayanjane.

A Makiyi anafunsa kuti bwanji sananene zaka zonsezi.

"Munandifunsa?" anatero alamu. "Wotchi yanga munaimasula kuti muone za m'kati. Ine munandifunsapo chiyani?"

A Makiyi, pofuna kukonza zinthu msanga monga amachitira ndi loko, anati ndiye palibe vuto, apite kwa bambo mfumu akadalitse ukwati Lenti isanayambe. Apo ndi pamene zinaipa. Alamu anati ayi. Anati anataya zonse zija chifukwa cha mwamuna amene sanadziwe n'komwe kuti pali chimene chatayika, ndiye lero akavale zoyera chifukwa mwamuna yemweyo akufuna kukhoza kalasi? Anati akafuna kubatizidwa abatizidwe, koma iwo asawasandutse masitepe.

Lamulungu loyamba la Lenti kondakitala, mayi wa maluwa ndi agogo osamva aja analembedwa mayina. A Makiyi anakhala pabenchi n'kumaonerera. Bambo mfumu anadzipereka kuti akacheze ndi alamu kunyumba, koma a Makiyi anakana. Anati mayiyo anakankhidwa kale kamodzi ndi anthu a tchalitchi, asakankhidwenso kachiwiri chifukwa cha iwo. Pa Pasaka anzawo anabatizidwa. Iwo anathandiza kunyamula mabenchi.

Ine ndinkaganiza kuti asiya. Anthu ambiri amasiyira pamenepo, ena mokwiya. Koma kalasi yatsopano itayamba anapitanso, n'kukhala padesiki lomwe lija chammbali, pakati pa anthu achilendo. Mayi katekisiti anandiuza kuti chaka chachiwirichi mafunso awo anachepa, ndipo otsalawo anali ena. Sankafunsanso kwambiri kuti chinthu chimatheka bwanji. Ankafunsa zonga kuti munthu amapepesa bwanji cholakwa chimene sanadziwe kuti akuchita.

Mafunso ambiri anasamukira kunyumba. Poyamba alamu ankayankha mwachidule, mwina osayankha. A Makiyi sanatope. Anafunsa kuti m'kwaya ankaimba mawu apamwamba kapena apansi. Anafunsa kuti azakhali aja ankaoneka bwanji, ankaseka kapena ayi. Anafunsa kuti tsiku loyamba kulandira anavala chiyani, ndipo anamva kuti inali diresi yobwereka, yaitali kwambiri, yomwe anaipinda ndi mapini, ndipo pini imodzi inawabaya m'chiuno Misa yonse. M'mawa uliwonse ankabwera ndi kanthu katsopano n'kundiuza ngati wapeza chuma. "A Telala, mukudziwa kuti mayi aja amaopa agalu chifukwa analumidwa ali mtsikana? Ine ndimaganiza kuti amangodana nawo." Tsiku lina anandiuza kuti mwana wawo ali wakhanda atadwala kwambiri m'chipatala, alamu anamubatiza okha ndi madzi a m'kapu, iwo atapita kukagula mankhwala. Mwanayo anachira, anakula, anakwatiwa, ndipo bambo ake anali asanamvepo.

Za ukwati sanazitchulenso. Ndikudziwa chifukwa ndinawafunsa, ndipo anati anawauza alamu kamodzi kokha kuti adikira, kaya zaka zingati, ndipo akafa asanabatizidwe mayi katekisiti anati Mulungu amaona kufuna kwa munthu.

Chaka chikupita kumapeto, Lachitatu lina masana a Makiyi atapita kukatsegula galimoto ya munthu amene anatsekera kiyi m'kati, alamu analowa m'shopu mwanga ndi pepala la pulasitiki. Anali asanalowemo chiyambire. Anatulutsa nsalu yabuluu wotuwa, yolemera bwino, n'kuiyala patebulo.

"Alamu, mundiyeze. Diresi wamba, ya manja aatali. Yoyera ayi, sindine mtsikana."

Ndinatenga tepi. Ndikulemba miyezo ndi choko pansalupo ndinafunsa kuti ndi ya ukwati wa ndani. Anandiyang'ana mpaka ndinachita manyazi. Kenako anandiuza, akuyang'ana kukhomo, kuti akhala akupita kutchalitchi Lachitatu lililonse akaweruka, nthawi imene mulibe anthu. Poyamba ankangokhala kumbuyo. Asisitere achikulire aja anawapeza, ndipo sanawafunse kanthu, anangowapempha kuti awathandize kupinda nsalu za paguwa, poti anaona kuti manja awo ndi a ntchito imeneyo. Kupinda nsalu kunabala kucheza. Ndinafunsa chimene chawasintha maganizo. Anati palibe chachikulu. Anati bamboyo dzulo lake anawafunsa kuti akanakhala kuti sanakwatiwe naye akanakhala ndani, ndipo anamvetsera yankho lonse osadula, osakonza chilichonse.

"Koma musawauze. Ndiwauza ndekha diresi ikatha."

Ndinaisoka mobisa, ndikuiphimba ndi makatani a anthu nthawi zonse a Makiyi akalowa. Munthu wofunsa chilichonse uja anaona nsonga yake tsiku lina n'kufunsa kuti ndi ya ndani. Ndinati ya kasitomala wovuta.

Diresi itatha alamu anawauza amuna awo. Bambo mfumu anapempha chilolezo kwa a episkopi, akulu a ansembe, poti mwamuna anali asanabatizidwe, ndipo ukwati unadalitsidwa m'mawa wa tsiku la ntchito, Lenti isanayambe. Tinalipo ine, mayi katekisiti, asisitere, ndi mwana wawo amene anabwera ndi khanda kumsana. Dzulo lake alamu anali atakalapa, ndipo anakhalitsa m'chipinda cholapiramo moti a Makiyi, akudikira panja, anakonza chogwirira cha chitseko cha chipinda chovaliramo ansembe chomwe palibe anawatuma. Pamwambo wa ukwatiwo, pofunsidwa ngati akuwalola mayiwa kukhala akazi awo, anayankha bambo mfumu asanamalize funso. Titatuluka aliyense anapita kuntchito kwake.

Lenti ya chaka chimenecho inayenda mwachangu. Dzina la a Makiyi linalembedwa. Ma Lamulungu atatu otsatizana ankagwada kutsogolo pamodzi ndi anzawo, ife amboni titaika dzanja paphewa, mpingo wonse ukuwapempherera kuti zoipa ziwachoke. Bondo lawo lamanzere limavuta, ndiye podzuka ankandigwira lamba. Anauzidwanso kusankha dzina la woyera mtima. Kalasi yonse inkayembekeza kuti atenga la mtumwi amene anapatsidwa makiyi, ndipo kondakitala uja, amene tsopano anali mkhristu wokwatira, anali atayamba kale kuwaitana choncho. Iwo anasankha la mtumwi wina, uja anakana kukhulupirira mpaka ataona mabala ndi kuwakhudza. Anati ameneyo akumumvetsa, ndipo chimene chinawakhudza n'chakuti sanathamangitsidwe, anangouzidwa kuti bwera, gwira.

Ndinawasokera malaya oyera a manja aatali. Loweruka la Pasaka, dzuwa litangolowa, tinasonkhana panja pozungulira moto, kenako tinalowa m'tchalitchi mwamdima aliyense ndi kandulo yake. Mawerengo anali ambiri ndipo khanda la mwana wawo linagona. Itafika nthawi, a Makiyi anaweramitsa mutu pa beseni lalikulu lamwala, bambo mfumu n'kuwathira madzi katatu, osaumira. Anadzuka madzi akutsika m'nsidze, akuphethira. Anawadzoza mafuta onunkhira pamphumi, ine n'kuwapatsa kandulo yoyaka. Usiku umenewo palibe anawatulutsa. Anakhala tsonga, akuyang'ana chilichonse chimene wansembe ankachita ndi manja, ndipo sanandinong'oneze funso ngakhale limodzi.

Nthawi yolandira, obatizidwa kumene ndiwo anayamba. A Makiyi atabwerera pamalo pawo sanagwade msanga monga anaphunzitsidwa. Anaima n'kumayang'ana mzere wa anthu mpaka anaona diresi yabuluu ija ikuyenda pang'onopang'ono kupita kutsogolo. Alamu atalandira n'kutembenuka, nkhope yawo inali youma ngati masiku onse, koma anaphonya benchi lawo n'kukakhala pa la anthu ena. Apo ndi pamene a Makiyi anagwada.

Panja ndinawafunsa kuti amva bwanji. Anati madzi anali ozizira ndipo ena alowa m'khutu, moti theka la Misa alimva ndi khutu limodzi. Anati za mkate uja akadali ndi funso, koma tsopano akulifunsira m'kati mwa nyumba. Kenako anandigwira dzanja nthawi yaitali, mpaka mwana wawo anabwera kudzati khanda ladzuka, tizipita.

Lachiwiri lake alamu anabwera ndi malaya oyera aja atawachapa kale. Mkono wamanja unali ndi bowo lakupsa pafupi ndi chigongono. Ati nthawi imene bambo mfumu ankadzoza anzawo, bamboyo anasendera kuti aone bwino kabotolo ka mafuta kuti chivindikiro chake n'chopota kapena chongokankha, n'kuiwala kuti wanyamula kandulo. Anafunsa ngati ndingathe kuika chigamba chosaoneka. Ndinati pa nsalu yoyera chigamba chimaoneka basi.

"Ndiye dulani manja onse awiri," anatero alamu. "Azivala kuntchito. Akawasunga m'sutikesi adya ndi njenjete."

Ndinadula, n'kupinda m'mphepete. A Makiyi amawavala Lolemba lililonse, ndipo pofika masana amakhala atachita chikasu pachifuwa.